Dzira, Nkhokwe ndi Khoma la Kariba

Ambiri a ife tinacitapo masewera aja tili ana: kuika dzira pakati pa zikhato, nsonga ndi nsonga, ndi kulifinya ndi mphamvu zathu zonse. Silinali kusweka. Cigoba cake n'copyapyala kuposa cikhadabo, koma kaamba ka kukhota kwake, mphamvu ya manja imagawikana ponseponse m'malo mounjikana pamodzi.

Makolo athu sanaphunzire zimenezi m'kalasi, komabe nkhokwe anailuka yozungulira. Cimanga cikadzaza cimakankha nsungwi zonse mofanana, ndipo palibe ngodya imene ingayambe kung'ambika. Mtsuko nawonso anauumba motero. Njuci zili ndi njira yake: tizipinda ta uci tili ndi mbali 6, kuti tigundane popanda mpata ndiponso phula lisaonongeke.

Nzeru ya dzira ija ndiyo imene yagwira madzi a Zambezi pa Kariba. Khoma la damulo, limene linatha kumangidwa mu 1959, ndi lalitali mamita 128, ndipo ndi lokhota, msana wake uli ca ku nyanja. Madzi akalikankha, kulemera kwake kumatsetsereka kupita ku matanthwe a tsidya lino la Zambia ndi tsidya lija la Zimbabwe. Ndi nchito yogometsa, ngakhale kuti sitingaitamande popanda kukumbukila Atonga pafupifupi 57,000 amene anacotsedwa pa minda ndi manda a makolo ao kuti nyanjayo ipeze malo.

Koma tsoka linadzera kumene maso sanali kufika. Madzi otuluka pa zipata 6 za khomalo anali kugwera pa malo amodzi, caka ndi caka, mpaka anakumba dzenje lakuya pafupifupi mamita 80 m'thanthwe, ndipo dzenjelo linali kusendera ku maziko. Woima pamwamba anali kuona khoma losalala. Mu 2017 nchito yokonza inayamba. Amisiri anachinga mtsinje, nacotsa madzi m'dzenjemo, nasema thanthwe kulikulitsa ca kumunsi, kuti madzi akagwa azithamangira kutali ndi khoma. Mbali imeneyi ya nchito inatha mu 2024.

Tibwerere ku nkhokwe yathu, popeza njala ya banja imayambira pamenepo. Kukolola kukayandikira timafolera denga, timamata ming'alu, ndipo timakhutira. Ndi angati a ife amene amagwada kuyang'ana mizati imene yanyamula zonsezo? Ciswe sicilowera pa denga. Cimakwera kucokera m'nthaka, n'kudya mtengo m'kati, khungwa n'kulisiya lathunthu. Cimanga cisanalowe, ticotse dothi limene launjikana pa miyala ya pansi, ndipo mzati uliwonse tiugogode ndi mpini. Umene ulira ngati ng'oma tiuzule, tiikepo wina.