Nsagwada ikamalira musathamangire kuzula dzino

Sabata ino tikambirane za vuto limene ambiri timalisokoneza ndi matenda a dzino kapena a khutu. Ikani chala kutsogolo kwa khutu lanu, pafupi penipeni ndi bowo, ndiye muyasame. Chimene mukumva chikusuntha pamenepo ndi mfundo yolumikiza nsagwada ya m'munsi ndi chigaza. Mfundo imeneyi sipuma ayi: potafuna, polankhula, poseka, poyasamula, yonseyo ndi ntchito yake.

Ikatopa kapena kuvulala, munthu amamva kupweteka m'khutu, m'tsaya ndi m'mbali mwa mutu, makamaka podzuka m'mawa kapena pakudya. Ena amamva kuti "thwa, thwa" akamatafuna. Kulira kokhako, popanda kupweteka, si matenda ndipo musade nako nkhawa. Vutoli limapezeka kwambiri mwa amayi kusiyana ndi abambo, makamaka a zaka za pakati pa 20 ndi 40.

Chimayambitsa n'chiyani? Kukukuta mano kutulo, kulumitsa mano chifukwa cha maganizo, kumenyedwa chibakera kapena kugwa pa njinga, ndiponso kutafunira mbali imodzi chifukwa mbali inayo kuli dzino lobowoka. Nzimbe, chimanga chokazinga ndi khalidwe lija la anyamata lotsekula botolo ndi mano, zonsezi zimangowonjezera moto. Ngakhale chisanu chathu cha kuno ku Lichinga mu June ndi July chimachititsa ena kugona atauma nsagwada usiku wonse.

Tsono chondidandaulitsa ndi ichi. Munthu akamva kupweteka amaloza dzino, nakafuna womuzula, mwinanso wosaphunzira ntchitoyo. Dzino labwinobwino lapita, ndalama zapita, koma kupweteka kuli pomwepo. Wina amadonthezera mafuta kapena madzi a masamba m'khutu lopanda vuto lililonse. Pamene ambiri amachira ndi zinthu zapafupi: kudya zofewa monga phala, mbatata yophika ndi nsima yofewa kwa masabata awiri, kuthowa tsaya ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, kugwira chibwano poyasamula, ndi kumwa Panado monga mwa malangizo. Masana, ngati simukudya, milomo ikhale yotseka koma mano asagundane.

Koma pali nthawi zina zosayenera kudikira kunyumba. Munthu wabwinobwino amatha kulowetsa zala zitatu zosanjikiza pakati pa mano a kutsogolo. Ngati kukamwa kwayamba kukana kutseguka patapita masiku 3 mpaka 21 chidzitemereni ndi khasu kapena chilasidwireni ndi msomali, ndipo khosi likuuma, ameneyo akhoza kukhala kafumbata. Amapha. Musakanule kukamwa ndi supuni, nyamulani wodwalayo tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso khanda limene linkayamwa bwino koma lasiya mwadzidzidzi, kukamwa kutauma.

Ngati nsagwada yaguluka poyasamula ndipo kukamwa kukukana kutseka, a chipatala amaibwezera ndi manja m'kanthawi kochepa, koma mukachedwa masiku ntchitoyo imavuta. Tsaya kapena kunsi kwa chibwano kukatupa, thupi likutentha, kumeza kukuvuta, amenewo ndi mafinya ochokera ku dzino ndipo angathe kutseka njira ya mpweya. Kwa achikulire, nsagwada ikamapweteka pamodzi ndi chifuwa, thukuta ndi befu, ganizani za mtima.

Amayi, yang'anani m'kamwa mwa ana a zaka 2 mpaka 6, makamaka onyentchera kapena amene angodwala chikuku. Chilonda chonunkha pa nkhama chingathe kudya tsaya m'masiku owerengeka. Matendawa dzina lake ndi noma, ndipo mu December 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. Akapezeka msanga, mankhwala a chipatala ndi chakudya chabwino zimawaletsa.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ndi ku Mandimba, Ngauma kapena Metangula, ndipo akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani ku Hospital Provincial de Lichinga. Mukafika funsani ku Estomatologia, ndiko kumene amaona za mano ndi nsagwada. Anzathu a tsidya la Chiponde, chanu chachikulu ndi chipatala cha boma cha Mangochi. Popita tengani khadi la katemera ngati muli nalo.