Wotchi yopanda batire: kodi ndalama zanu zikugula chiyani?

Tchuthi chapitachi mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali Fomu 4, anandikokera ku Old Town. Anali atasunga ndalama za ganyu ndipo mtima wake unali pa chinthu chimodzi basi: wotchi ya automatic. Akuti mnzake wina wa ku Area 47 anabwera nayo kusukulu, yagalasi kumsana, timagiya tikuoneka tikuyenda, ndiye kalasi yonse inamuunjirira.

"Malume, siifuna batire," anatero tili m'minibasi. "Komanso m'mayeso salola foni, ndiye wotchi ndikuifuna ndithu."

Titafika cha ku Malangalanga tinapeza mnyamata wogulitsa mawotchi. Anatisankhira imodzi yonyezimira. "Bwana, iyi ndi automatic yeniyeni, onani pomwe alembapo." Panalembedwadi. Ine ndinauza mwanayo kuti ayang'anitsitse muvi wa masekondi. Unkadumpha kamodzi pa sekondi iliyonse, n'kuima, n'kudumphanso. Tinabweza wotchiyo, tinathokoza, n'kupitirira.

Maganizo anga ndi awa. Wotchi ya automatic yotsika mtengo ilipo, ndipo ina ndi yabwino kwambiri. Koma ngati cholinga chanu ndi kudziwa nthawi molondola ndi ndalama zochepa, si imene muyenera kuyambira. Muigule pa zifukwa zina, ndipo muigule mutaiyesa ndi Fizikisi yomwe mumaphunzira m'kalasi.

Mphamvu yake imachokera kuti?

Wotchi iliyonse imafuna mphamvu. Ya automatic imatenga mphamvuyo kwa inu amene mwaivala. M'kati mwake, kumsana, muli kachitsulo kolemera kooneka ngati theka la mwezi, kotchedwa rotor. Mukamayenda, mukamalemba kapena kutsuka mbale, mkono umagwedezeka ndipo kachitsulo kaja kamazungulira. Kuzungulirako kumakunga sipuling'i yaitali yopindidwa ngati nkhata. Mphamvu ya kuyenda kwa mkono yasanduka mphamvu yosungidwa mu sipuling'i. Sipuling'iyo ikamamasuka imayendetsa magiya, magiya amayendetsa mivi, ndipo mphamvu ina imatayika ngati phokoso ndi kutentha. Mukaivula n'kuisiya patebulo, yambiri imayenda maola pafupifupi 40 kenako imaima.

Nzeru imeneyi si yatsopano. John Harwood wa ku Britain anapanga wotchi yapamkono yodzikunga yokha m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1931 kampani ya Rolex inatulutsa rotor yozungulira mbali zonse, yofanana ndi imene ili m'mawotchi a lero.

Koma sipuling'i itasiyidwa yokha ingamasuke kamodzin'kamodzi, mivi n'kuthamanga ngati fani. Chimene chimaigwira ndi kagudumu kotchedwa balance wheel, komangiriridwa ku kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi. Kagudumuka kamapita uku n'kubwerera uku, ndipo ulendo uliwonse kamalola giya kusuntha dzino limodzi lokha. Mukukumbukira pendulum ija munayesa m'kalasi, ya kamwala ndi ulusi? Ntchito yake ndi yomweyo, kungoti pendulum imabwezedwa ndi mphamvu yokoka ya dziko pomwe kagudumuka kamabwezedwa ndi sipuling'i, n'chifukwa chake kamagwira ntchito ngakhale mkono uli chozondoka. Christiaan Huygens wa ku Netherlands anasonyeza njira imeneyi mu 1675.

M'mawotchi ambiri a automatic otsika mtengo, kagudumuka kamagunda ka 21,600 pa ola. Gawani ndi masekondi 3,600, mupeza 6. Ndiye kuti muvi wa masekondi umasuntha timasitepe 6 pa sekondi imodzi, ndipo m'maso umaoneka ngati ukuyenda mosalekeza. Apa ndi pomwe wotchi ya ku Malangalanga ija inagwidwira. Muvi wodumpha kamodzi pa sekondi ndi chizindikiro cha wotchi ya batire.

Masamu sakondera

Wotchi ya batire imatchedwa quartz chifukwa m'kati mwake muli kamwala ka quartz. Mu 1880 Pierre ndi Jacques Curie anapeza kuti mwala umenewu ukafinyidwa umatulutsa magetsi, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti ukapatsidwa magetsi nawonso umasintha maonekedwe pang'ono. M'wotchi, kamwalaka kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Nambala imeneyi sanangoitola. Mukaigawa pakati maulendo 15 motsatizana mutsala ndi 1, ndiye kadera kamagetsi kamangogawa mpaka patuluke kugunda kumodzi pa sekondi. Wotchi yapamkono yoyamba ya quartz kugulitsidwa inali Seiko Astron, mu Disembala 1969 ku Japan.

Tsopano tiyerekeze. Casio F-91W, kawotchi kapulasitiki kakuda kaja komwe kanatuluka mu 1989, kamalakwitsa ndi masekondi osaposa 30 pa mwezi, ndipo batire lake limatha zaka pafupifupi 7. Automatic yotsika mtengo ikhoza kulakwitsa masekondi 30 omwewo pa tsiku limodzi koma ili bwinobwino. Pa mwezi ndi masekondi 900, kapena kuti mphindi 15. Mphindi 15 m'chipinda cha mayeso a MSCE ndi funso lathunthu. Mukaiwala kuivala Loweruka ndi Lamlungu, Lolemba m'mawa muipeza itaima.

Ndiye mwana wa mchemwali wanga ananena zoona kuti akufunika wotchi, koma anasankha mtundu wolakwika pa ntchitoyo.

Nanga bwanji ine ndimavala automatic?

Chifukwa kulondola si chinthu chokhacho chimene munthu amagula. Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Kachipangizo kopanda magetsi, ka timagiya ndi masipuling'i okhaokha, kakalakwitsa 30 mwa amenewa ndiye kuti kaphonya ndi gawo losakwana limodzi mwa magawo 2,000. Kwa ine zimenezi n'zodabwitsa, ndipo ndimasangalala kuyenda nazo pamkono.

Chachiwiri, imakonzeka. Yanga ndi Seiko 5 yakale. Mtundu umenewu unayamba mu 1963 ndipo mawotchi ake anapangidwa ochuluka zedi, moti wokonza mawotchi akhoza kuchotsa kachitsulo pa yakufa n'kudzutsira ina. Mumaizindikira ndi kawindo kosonyeza tsiku ndi deti, ndipo yambiri kabatani kake kosinthira nthawi kali pafupi ndi 4 osati pa 3. Orient ndi Citizen, makampani enanso a ku Japan, amapanganso ma automatic olimba osafuna chuma cha bwana. Wotchi yotere ikasamalidwa imatha kuchoka kwa bambo n'kufika kwa mwana.

Komabe mawu akuti "siifuna batire" asakunamizeni kuti siidya ndalama. Mafuta a m'magiya amauma. Pakapita zaka zingapo imafunika kutsegulidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta, ndipo pa wotchi yotchipa ntchito imeneyi ikhoza kuyandikira mtengo wa wotchiyo. Kumbukiraninso kuti mawotchi onsewa amachokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wakunja anakwera, kaya m'mashopu a ku City Centre kaya pamsika. Choncho mukaona yatsopano, ya dzina lotchuka, koma pa mtengo wa nsapato za kaunjika, dzifunseni kuti chachotsedwamo n'chiyani.

Ena adzati wotchi ndi ulemu, munthu ukalowa mu ofesi ku Capital Hill anthu amayamba kuona pamkono. Mwina. Koma ulemu wa wotchi yonama umatha tsiku lomwe wakumana ndi munthu wodziwa kuyang'ana muvi.

Muiyese musanalipire

Poyamba onani muvi wa masekondi, uziyenda timasitepe ting'onoting'ono tofulumira. Chenjerani, pali ma quartz ochepa omwe muvi wake umayendanso mosalala, ndiye musaimire pomwepo. Ikani wotchiyo kukhutu. Automatic imalira mofulumira, kangapo pa sekondi. Ngati yaima, igwedezeni pang'onopang'ono kwa theka la mphindi. Yeniyeni idzuka yokha, ndipo nthawi zambiri mumamva rotor ikuzungulira. Ngati kumsana kuli galasi, fufuzani kagudumu kopita uku ndi uku. Rotor yokha si umboni, chifukwa opanga zachinyengo amatha kuika kachitsulo kongokongoletsa pamwamba pa makina a batire.

Mukaigula, isakhale pafupi ndi maginito, monga a sipika ya wailesi. Kasipuling'i kopyapyala kaja kakagwidwa ndi maginito timizere take timamatirirana, kamakhala ngati kafupika, ndipo wotchi imayamba kuthamanga kwambiri. N'chimodzimodzi ndi pendulum: ulusi ukafupika imagwedezeka mofulumira. Ndipo ngati palembedwa 30 m, tanthauzo lake ndi madontho a mvula ndi kusamba m'manja, osati kusambira ku Senga Bay.

Tsiku lija mwanayo anagula wotchi wamba ya quartz, ndalama zotsala anasunga. Nkhope inali yogwa mpaka tinafika kunyumba. Madzulo ndinavula Seiko yanga n'kumubwereka kwa sabata imodzi, koma ndi ntchito: m'mawa uliwonse 6 koloko aziiyerekeza ndi nthawi ya pafoni, azilemba kusiyana kwake m'kope, kenako ajambule girafu. Anabwera ndi mzere wokwera pafupifupi mowongoka, ndi funso lomwe sindinamuuze kuti afunse: bwanji usiku umene anaigoneka cham'mbali inatsogola mosiyana ndi usiku umene anaigoneka chagada? Yankho lili pa mphamvu yokoka ya dziko ndi kukhuzana kwa timapini ta kagudumu kaja, koma ndinamusiya kuti alisake yekha.

Inunso funsani kunyumba. M'madirowa ambiri muli wotchi ya agogo kapena ya bambo yomwe anthu anaiweruza kuti inafa. Igwedezeni kwa theka la mphindi, muike kukhutu. Ikadzuka, tengani kope ndi pensulo muyambe kulemba mawa 6 koloko.