MTHENGA SAPHEDWA, KOMA ASATSEGULE KALATA

Pali anthu ena amene akufalitsa maganizo akuti aliyense wopereka kompyuta yake kuti ikhale relay ya Tor ndi mnzawo wa zigawenga. Ife tikuti maganizo otere ndi a ulesi, ndipo munthu wogwira ntchito m'boma sayenera kuwameza osatafuna.

Tor ndi njira ya pa intaneti yobisa kumene uthenga wachokera. Nzeru yake inayambira ku United States Naval Research Laboratory, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 2002. Uthenga umadutsa pa makompyuta atatu a anthu odzipereka. Yoyamba imadziwa wotumiza koma sidziwa kumene uthengawo ukupita. Yomaliza imadziwa kumene ukupita koma sidziwa wotumiza. Tsono tsoka limagwera mwini wa yomalizayi, pakuti keyala yake ndiyo imaoneka poyera.

Taonani zimene zinachitika ku Moscow mu Epulo 2017. Dmitry Bogatov, mphunzitsi wa masamu, anamangidwa chifukwa mauthenga oitanira anthu ku zipolowe anatulukira pa keyala ya nyumba yake. Iye sanawalembe. Anakhala m'ndende miyezi yoposa itatu, kenaka anamutsekera pakhomo pake, ndipo mlandu unathetsedwa mu 2018. Kodi nthawi yonseyo ofufuza anali kufufuza chiyani? Keyala si munthu. Wapolisi amene amanga wamtokoma chifukwa cha mawu oipa a m'kalata waonetsa kuti ntchito yamukanika.

Koma eni ake a relay asaombe m'manja msanga. Tikunenetsa kuti ufulu wawo uli ndi malire, ndipo malirewo anawadumpha Dan Egerstad wa ku Sweden mu 2007. Mkuluyu anakhazikitsa makompyuta otulutsira mauthenga, nakhala chete kumawerenga zonse zimene zinadutsa zosakulungidwa m'zilembo zachinsinsi. Atatero anaulutsa mawu achinsinsi otsegulira makalata a anthu pafupifupi 100 a m'maofesi a akazembe ndi a maboma osiyanasiyana. Ena anamutama kuti wachenjeza dziko lapansi. Kuchenjeza kwanji kumeneko? Mlonda amene wapeza zenera losatseka amauza mwini nyumba. Sayitana mudzi wonse kuti udzaone polowera. Anthu amene anadzera pa makompyuta ake anamukhulupirira osamudziwa, iye nawagulitsa kuti atchuke. Apolisi atafika kudzasecha nyumba yake chaka chomwecho, sitikuona chifukwa chomulirira.

Choncho funso loyenera kufunsa mwini relay si lakuti, "Chinadutsa n'chiyani?" koma lakuti, "Iwe unachita chiyani ndi manja ako?" Kodi unasuzumira? Kodi unasunga kaundula wa odutsa? Kodi unalengeza poyera kuti kompyuta yako ndi yotulutsira mauthenga, nuyankha madandaulo atabwera? Eni ake a Tor amalangiza kuti kompyuta yotere isakhale m'nyumba yogonamo, ndipo amasunga mndandanda umene wofufuza aliyense angathe kuonamo ngati keyala inali ya relay pa tsiku lakutilakuti. Dzina la mndandandawo ndi ExoneraTor, ndipo kuufunsa n'kwaulere. Ofufuza a ku Moscow akanayambira pamenepo, bwenzi atadziwa tsiku loyamba lomwelo kuti keyala ya Bogatov inali khomo lotulukira anthu ambirimbiri osadziwana.