A Cleveland, Mbewu Sagulitsa

Ine ndatopa nalo bodza lakuti timu yakugwa imadzuka pogula quarterback wodula. Onani a Cleveland Browns. Mu 2017 anagonja masewera onse 16. Mu 2018 anasankha Baker Mayfield, ndipo mu nyengo ya 2020 anawafikitsa ku ma playoff. Atangovulala phewa, anamutaya. Mu 2022 analonjeza Deshaun Watson madola 230 miliyoni, napatsanso Houston mwayi wao woyamba wosankha osewera acinyamata kwa zaka zitatu. Anagulitsa mbewu kuti agule khasu lonyezimira! Mayfield uja anakawala ku Tampa Bay, Cleveland ikulira. Ndikuti mwana amene mwalera nokha, pirirani naye, mumupezere anzake. Mutu umodzi susenza denga.