Kuchulukitsa mayina a zinthu zosakhudzika m'Chingerezi

Mayina a zinthu zosakhudzika, monga ufulu, udindo ndi umboni, savuta kuchulukitsa m'Chichewa. Gulu la U-Ma limapereka maufulu, maudindo ndi maumboni, ndipo mawu ngati malangizo amamveka kale kuti ndi ambiri. Mwana wa ku Neno, kaya wa kumapiri kwa Dambe kaya wa kuchigwa ku Lisungwi, amalowa m'kalasi ya Chingerezi ali ndi chizolowezi chimenechi. N'chifukwa chake m'chimangirizo chake mumapezeka "advices", "informations" ndi "evidences".

Aphunzitsi amadula mawuwa ndi cholembera chofiira, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Mayeso a MANEB amachongedwa motsatira Chingerezi cha m'mabuku, ndipo wolephera Chingerezi sapeza satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu ndi zaulimi. Akamaliza sukulu, kalata yofunsira ntchito ku khonsolo ya boma kapena ku Abwenzi Pa Za Umoyo, bungwe lomwe lakhala ku Neno kuyambira mu 2007, imalembedwanso m'Chingerezi. Mphunzitsi amene walekerera "informations" wamulakwira mwanayo, chifukwa wowerenga kalatayo mwina sadzamulekerera.

Akatswiri ena a zilankhulo amaona mosiyana. Iwo amati mawu oterewa amamveka ku Nigeria, ku Kenya ndi ku India komwe, pakamwa pa anthu ophunzira, choncho ndi chizindikiro cha Chingerezi chimene chazika mizu kwina, osati umbuli. Tanthauzo silisokonekera. Ngakhale ku England malire akhala akusuntha: buku la William Paley la mu 1794 lili ndi "evidences" pamutu pake penipeni.

Koma vuto lalikulu lili pa lamulo limene ana ambiri amaloweza, lakuti mayina a zinthu zosakhudzika sachulukitsidwa. Lamuloli si loona. Chingerezi chimalola "difficulties", "responsibilities" ndi "freedoms", ndipo mawu otsirizawa anatchukitsidwa ndi pulezidenti wa America, Franklin Roosevelt, m'zolankhula zake za mu 1941. Nthawi zina kuchulukitsako kumasintha tanthauzo. "Experience" ndi luso limene munthu walipeza pogwira ntchito, pomwe "experiences" ndi zimene wakumana nazo. "Damage" ndi kuwonongeka, monga kwa mlatho mvula ikagwa yambiri, koma "damages" ndi chipukutamisozi chimene khoti lagamula. Mwana woloweza lamulo lija amakhoza pa "advice" n'kulephera pa mawu enawa.

Mayina okaniratu kuchulukitsidwa alipo ndithu: "advice", "information", "knowledge", "progress" ndi ena otere. Ndi bwino kuwaphunzitsa limodzilimodzi, poyerekeza poyera ndi Chichewa, kuti wophunzira aone kumene chizolowezi chake chikuchokera, kenaka aphunzire kunena "pieces of advice" pamene Chichewa chikanati malangizo angapo.