Sikelo isawalande njinga amayi athu

Mayi wa zaka 45 kapena 50 akauzidwa kuchipatala kuti magazi akuthamanga ndipo achepetseko thupi, chida chimene chimakhala pafupi ndi njinga yakapalasa yomwe ili kale pakhomo. Amaipukuta fumbi, kupopa matayala, n'kuyamba kupalasa m'mamawa uliwonse. Pakatha mwezi amakwera pasikelo mtima uli m'mwamba, koma muvi umaloza pomwe paja. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi, mwinanso waonjezerako pang'ono. Wachitatu usanathe, njinga imakhala itabwerera kwa anyamata, mayi atagwa ulesi.

Ife tikuti amayi oterewa akutaya chinthu chowathandiza kaamba komvera mboni imodzi yokha. Sikelo sinama, koma zimene imadziwa n'zochepa.

Nkhaniyi si ya anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe okha ayi. Kafukufuku wa zaumoyo yemwe ofesi ya kalembera ya ku Zomba idachita m'chaka cha 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi loposa mlingo, ndipo m'matauni anali oposa mmodzi mwa atatu. Kafukufuku wina wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa m'chaka cha 2009 adaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Amayi ogulitsa kaunjika pa Lunzu, a m'maokala pa Mponela, aphunzitsi ndi anamwino pa Balaka, onsewa nkhaniyi ikuwakhudza.

Nanga n'chifukwa chiyani thukuta lonse lija silioneka pasikelo? Tiyeni tiwerengere limodzi. Mphamvu ya m'chakudya amaiyeza m'makalori. Kuti kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi isungunuke pamafunika kuwotcha makalori pafupifupi 7,700. Mayi wa makilogalamu 75 akapalasa bwinobwino kwa mphindi 30 amawotcha makalori 200 kapena kuposerako pang'ono. Akatero masiku asanu pasabata, ndiye kuti awotcha pafupifupi 1,000. Choncho kilogalamu imodziyo ifuna miyezi iwiri, ndipo apo n'kuti kadyedwe sikadasinthe ngakhale pang'ono.

Koma kadyedwe kamasintha. Munthu wochoka kopalasa amamva njala, ndipo amadziona kuti wagwira ntchito yoyenera malipiro. Botolo limodzi la chakumwa chozizilitsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana timasupuni tating'ono pafupifupi 8, omwe ndi makalori oposa 120. Mukaonjezerapo mandasi awiri, zonse zimene munawotcha m'mawa zabwerera ndi chiongoladzanja. Sitikunena izi monyoza. Pamsika chimene chimapezeka msanga, chotsika mtengo komanso chokhalitsa m'mimba ndi mandasi omwewo ndi tchipisi cha pachiwaya, ndipo mayi amene wakhala pabenchi kuyambira 6 koloko sangadikire bonongwe wa kunyumba.

Thupi nalo lili ndi nzeru zake. M'chaka cha 2012 katswiri wina wa ku America, Herman Pontzer, ndi anzake adayeza mphamvu zimene anthu a mtundu wa Hadza a ku Tanzania amawotcha patsiku. Anthuwa amayenda mitunda italiitali tsiku lililonse posaka nyama ndi kukumba mizu. Chodabwitsa n'chakuti, poyerekeza ndi kukula kwa matupi awo, mphamvu zimene ankawotcha sizinkasiyana kwenikweni ndi za anthu a ku Ulaya ndi ku America okhalira pampando. Zikuoneka kuti thupi likagwiritsidwa ntchito kwambiri limapeza pena posungira. Izitu n'zimene aliyense wa kuno akadazindikira kale: pali amayi ambirimbiri amene amalima, kutunga madzi ndi kusenza nkhuni moyo wawo wonse, koma thupi lili lomwelo.

Kenako pali msinkhu. Amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55. Nthawi imeneyi mafuta amayamba kusamuka m'chiuno ndi m'ntchafu n'kumaunjikana pamimba, minofu imacheperachepera, ndipo ena tulo timawavuta chifukwa cha kutentha kwa thupi usiku. Munthu wosagona bwino amadya kwambiri mawa lake. Mankhwala ena nawonso amanenepetsa. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene dziko lino lidayamba kupereka kwa anthu ambiri m'chaka cha 2019, amadziwika kuti amaonjezera thupi mwa ena, makamaka amayi. Pamenepa tinene mosapsatira: wina asasiye mankhwala chifukwa cha sikelo. Nkhani yotero ndi yokakambirana ndi a chipatala.

Tsono ngati zili choncho, kupalasako phindu lake n'chiyani? Phindu lilipo lalikulu, kungoti limabisala kumene sikelo sifika. Kulimbitsa thupi pafupipafupi kumatsitsa kuthamanga kwa magazi, kumathandiza minofu kuyamwa shuga wa m'magazi, ndipo kumachepetsa mafuta a m'kati mwa mimba ozungulira chiwindi ndi matumbo, omwe ndi oopsa kuposa a m'ntchafu. Zonsezi zimachitika ngakhale kulemera kwa thupi kusasinthe. Njinga ilinso ndi ubwino woti thupi limakhala pachishalo, motero maondo savutika ngati mmene amachitira munthu wonenepa akamathamanga.

Ofufuza a pa yunivesite ya Glasgow adalondola anthu oposa 260,000 ku Britain kwa zaka zisanu, ndipo m'chaka cha 2017 adalengeza kuti mwa anthu opita kuntchito panjinga, chiopsezo cha imfa m'zakazo chinali chotsika ndi 41 pa 100 poyerekeza ndi oyenda pagalimoto kapena pabasi. Britain si Malawi, ndipo mwina opalasawo anali kale anthu odzisamala, koma uthenga wake ukumveka. Ku America nako, zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 3,000 omwe anali pafupi kudwala shuga zidatuluka m'chaka cha 2002. Amene adalangizidwa kulimbitsa thupi mphindi 150 pasabata ndi kuchepetsa thupi ndi 7 pa 100 yokha adachepetsa chiopsezo cha shuga ndi 58 pa 100. Kwa mayi wa makilogalamu 80, imeneyo ndi makilogalamu osakwana 6. Palibe amene adawauza kuti abwerere m'diresi la paukwati.

Mphindi 150 zomwezo ndizo WHO imalimbikitsa kwa munthu wamkulu aliyense pasabata. Ulendo wa mphindi 15 kupita kumsika ndi zina 15 pobwerera, masiku asanu, mlingo wakwana popanda kulipira aliyense.

Koma mayi sapalasa yekha m'chipululu. Amapalasa pamaso pa anthu, ndipo apa ndi pamene mabanja athu ali ndi mlandu. M'makomo ambiri njinga ndi ya bambo kapena ya mnyamata wa kabaza wobweretsa ndalama madzulo, ndipo mayi amaipeza ikakhala kuti ilibe ntchito. Akakwera, achinyamata a pa siteji amaimba likhweru. Akakanika kuonda amamuseka kuti akungotha matayala. Akaondako, manong'onong'o amayamba kuti kodi akudwala chiyani, kapena kuti bambo asiya kusamala pakhomo. Mantha amenewa tidawatengera m'zaka zija Edzi inkatha anthu ma ARV aulere asanayambe m'chaka cha 2004, pamene kuonda kunali ngati chidziwitso cha maliro. Papita zaka zoposa 20, koma lilime lathu silidasinthe. Mayi amene akunyozedwa uku ndi uku adzasankha kukhala pansi, ndipo mtengo wake adzalipira ndi banja lomwelo tsiku limene sitiroko idzagogoda.

Abambo, njinga yopanda mtanda, yomwe mayi angakwere atavala chitenje, si chinthu chamanyazi kugula. Ikhale ndi mabuleki ogwira ndi chotchingira tcheni. Ndipo ngati mayi achepetsa mitanda ya nsima kuchoka pa itatu kufika pa iwiri, n'kumaika mgaiwa ndi nkhwani wambiri patebulo, musadandaule ngati kuti mwalangidwa. Kumbali ya sikelo, mbale ndiyo ili ndi mphamvu kuposa njinga, ndipo n'kovuta kuti munthu mmodzi asinthe kadyedwe m'nyumba imene ena onse akufuna mafuta osefukira m'ndiwo.

A makhonsolo ndi a zamisewu nawonso atimve. M'malo ambiri ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa M1, phula la m'mphepete lidadyeka, ndipo wapanjinga amalimbirana malo ndi mathiraki, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Mnyamata akhoza kulumphira kutchire galimoto ikaimba hutala, koma mayi wa zaka 50 amene wangoyambiranso kupalasa sangatero.

Kwa amayi eni akewo, pempho lathu ndi lakuti musinthe choyezera. Bwerekani tepi kwa atelala muyeze pamimba, cha pamchombo, kamodzi pamwezi. Kwa amayi, chiopsezo chimayamba kukwera muyeso ukaposa masentimita 80, ndipo chimakula kwambiri ukaposa 88. Kayezetseni magazi ndi shuga, manambalawo alembedwe m'buku lanu la kuchipatala, kuti pakatha miyezi itatu mudzafanizire. Onaninso ngati chitunda chimene munkatsikira n'kumakankha njinga tsopano mukuchikwera. Amene magazi awo ndi okwera kwambiri, kapena amamva kupweteka pachifuwa ndi chizungulire akagwira ntchito, ayambe aonana ndi dokotala asanakwere, ndipo oyamba kumene ayambire mphindi 10 pamalo athyathyathya dzuwa lisanakwere.