Kope limodzi likhale la mbalame

Chaka chikamayamba mabanja ambiri amagulira ana makope atsopano. Pempho lathu lero ndi lakuti muonjezerepo kope limodzi, ndipo limenelo likhale la mbalame. Pamwamba pa tsamba loyamba mulembepo chaka. Kenaka mbalame iliyonse imene mwaiona kapena kuimva muli pakhomo panu, muilembe dzina ndi tsiku limene yaonekera koyamba. Imene mwakumana nayo kumsika isalowemo, koma yodutsa pamwamba pa denga lanu ilowe. Disembala akatha mujambule mzere n'kuyamba tsamba lina.

Tikudziwa kuti ena aseka ndi kufunsa ngati abusa asowa cholemba, poti anthu ali ndi nkhawa ya feteleza ndi fizi. Tiloleni tifotokoze.

Kale ku America kunali chizolowezi chakuti pa Khirisimasi amuna ankagawikana m'magulu n'kupikisana kuti ndani aphe nyama ndi mbalame zambiri. M'chaka cha 1900, katswiri wa mbalame Frank Chapman anapempha anzake kuti tsiku limenelo aziwerenge m'malo mozipha. Anavomera anthu 27 okha. Kuwerenga kumeneko kumachitikabe chaka ndi chaka mpaka lero. Ku Britain nako, bungwe la RSPB linayambitsa m'chaka cha 1979 ntchito yakuti mu Januwale anthu azikhala ola limodzi akuwerenga mbalame zotera pakhomo pawo. Zolemba za anthu wamba amenewa zaonetsa kuti mpheta zija zinkadzaza pamadenga awo zachepa kupitirira theka. Munthu amene amaona mpheta ziwiri m'mawa uliwonse sakanazindikira yekha kuti kale pankatera zisanu. Zinaululika chifukwa chakuti wina analemba.

Apa ndiye pagona nkhani. Mtima wa munthu umazolowera msanga. Mtengo wa mango umene unali kuseri kwa nyumba ukagwetsedwa kuti uwotchere njerwa, timadandaula za mthunzi sabata imodzi, ndipo palibe amene amafunsa kumene apita apumbwa amene ankalongolola m'menemo mbandakucha. Mpanda wa mitengo ukasanduka wa njerwa, atimba amasowa pobisala. Mwana wobadwa pambuyo pake amakula akuyesa kuti pakhomo m'pachete chomwecho chiyambire, ndipo sangalire chinthu chimene sanachionepo. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo nkhwazi tinaiika pa chizindikiro cha boma. Komatu m'madera ambiri a m'tauni mwana akhoza kutchula khwangwala, njiwa ndi nkhunda, basi wathera pomwepo.

Mayina nawo akutha. Agogo amadziwa kusiyanitsa nantchengwa ndi kakowa, amadziwa mnthengu, choso ndi chingolopiyo, pamene adzukulu zonsezi amangoti kambalame. Kope limene tikunenali limakakamiza mdzukulu kupita kwa agogo ake kukafunsa, ndipo ngati dzina lasowa, alembe maonekedwe ake: kukula kwake, mtundu wa pachifuwa, kutalika kwa mlomo, kaliridwe kake. Dzina lidzapezeka m'tsogolo.

Mwambo wolembawu uli ndi kholo lake pakati pa atumiki a mpingo. Gilbert White anali mbusa m'mudzi wa Selborne ku England, ndipo kuyambira 1751 ankalemba zochitika m'munda wa pakhomo pake: tsiku lofesa, tsiku la mvula, tsiku limene mbalame yakutiyakuti yafika. Funso limene linamuvuta moyo wake wonse linali la anamzeze. Nyengo yozizira ikafika ankasowa, ndipo anthu ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti amagona tulo m'matope. White mwiniwake ankaganiza kuti ena mwa iwo amabisala m'maenje mpaka kutenthe. Anamwalira mu 1793 funsolo lisanayankhidwe bwinobwino. Mu Disembala 1912, namzeze amene anamuveka kamphete kumwendo ku Staffordshire chaka cha 1911 anapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa.

Ndiye kuti alendo amene mbusa uja ankawasowa amabwera kuno ku Africa. Anamzeze ochokera ku Ulaya amafika kwathu mvula ikamayandikira, n'kumandandalika pa mawaya a magetsi, ndipo amabwerera cha mu Epulo. Iwowa samanga zisa kuno. Aja omata zisa zamatope pansi pa denga la tchalitchi ndi mitundu ina ya konkuno. Ngakhale mneneri Yeremiya, pa chaputala 8 ndime 7, anatchula mbalame zodziwa nyengo ya kufika kwake. Tsono banja limene lalemba tsiku la namzeze woyamba kwa zaka khumi lili ndi chinthu chimene silingagule pena paliponse, pakuti likhoza kuika masiku amenewo pambali pa masiku a mvula yoyamba n'kudzionera lokha ngati nyengo ikusinthadi.

Tinenepo za kadzidzi, poti tikudziwa kuti m'nyumba zambiri, ngakhale za anthu opemphera, akalira usiku anthu amagona ndi mantha ndipo kukacha amamusaka ndi miyala. Kadzidzi amabwera pakhomo chifukwa cha makoswe amene akutha chimanga chanu. Naye alembedwe m'kopemo monga mbalame ina iliyonse. Kabawi wolanda anapiye alembedwenso, ngakhale mayi a pakhomo akhale asanamukhululukire.

Kwa makolo a anyamata alegeni, sitikunena kuti muwakalipire. Ambiri a ife tinakula nazo legeni m'khosi, ndipo palibe amene amadziwa mbalame za m'dera kuposa mnyamata wotere. Iyeyo ndiye mumusungitse kopelo. Muikenso mbale yakale ya madzi pansi pa mtengo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, patali ndi pamene mphaka amabisala, ndipo muzisintha madziwo kawirikawiri kuti udzudzu usaswanemo. Nthawi yabwino yoyang'ana ndi m'mawa dzuwa likungotuluka, pakhomo pasanayambe kuseseredwa.